Madesiki a Ana Atatu

Thabwa loyamba ataliika pamwamba pa miyendo yachitsulo ya desiki, linaperewera. Bambo analikankhira kumanja, kumanzere kunatsala mpata. Analikankhira kumanzere, mpata unasamukira kumanja. Mwana wawo wamkazi, amene anaima pakhomo la shedi atanyamula chitini cha mabawuti, anangoyang'ana mpatawo. Iye yekha ndiye ankadziwa chifukwa chake.

Shediyo inali ya anthu awiri apachibale. Bambo ake ankawotcherera zitsulo mbali ya kumsewu, bambo ake aang'ono ankapala matabwa mbali ya kuseri. Agogo amene anayambitsa ntchitoyi anamwalira osanena kuti wamkulu akhale ndani, ndiye aliyense anadziyesa bwana. Anakangana mpaka kuleka kulankhulana. Tangoganizani, anthu andevu zawo, denga limodzi, desiki imodzi kupanga awiri, koma ngakhale moni osapatsana! Mawu onse ankadutsa mwa mtsikanayu akaweruka kusukulu. "Akuti mubweze nyundo." "Akuti utuchi wanu ukulowa kwawo." Anthu a mumsewumo anafika pomupatsa dzina loti Akuti.

Ntchito imene inali m'manja mwawo inali yaikulu kuposa zonse zimene anagwirapo: madesiki a chipinda chatsopano cha kusukulu kwa Akuti yemweyo. Ahedi ananenetsa kuti afike mayeso asanayambe Lolemba, apo ayi ana alembera pansi.

Vuto linayamba masiku angapo m'mbuyomo, ahedi atabwera kudzasintha maganizo. Ana anali atachuluka, ndiye desiki iliyonse inafunika italike kuti pakhale ana atatu, osati awiri. Anapeza bambo okha, poti aang'onowo anali atapita kokagula vanishi. Masana ake bambo anaitana Akuti.

"Pita ukaiuze mfumu ya utuchiyo kuti madesiki ndi a ana atatu tsopano. Ngati makutu ake sanamatike ndi guluu, imva."

Akuti anazungulira kuseri. Anapeza bambo aang'ono akuimba mluzu, pensulo ili pakhutu. Pambali pawo panali mulu wa matabwa odula kale, opala bwino, onse a ana awiri.

"Wabwera, mwana wanga? Tagwira apa, umve kusalala kwake. Nanga bwana wako akuti chiyani lero?"

Akuti anayang'ana mulu uja. Ankadziwa zimene zikanatsatira: sowo kuponyedwa pansi, maso kufiira, kenako mawu onse oyenera bambo ake kumugwera iyeyo.

"Akuti... ntchito ikuyenda bwino."

"Eee! Achimwene anena zimenezo? Kodi akudwala?" Anaseka mpaka kutsokomola, n'kutola thabwa lina kuti alidule.

Akuti anadziuza kuti anena mawa. Mawa lake mulu unali utakula, ndipo kunena kunalemera kuposa dzulo. Bambo atamufunsa kuti mng'ono wawo wayankha chiyani, iye anati, "Akuti amva." Bodza lachiwirili linatuluka mosavuta, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa kwambiri. Kulira kwa sowo kunayamba kumupweteka mutu. Ngakhale chakudya chinasiya kumukomera.

Ndiye lero, Loweruka, matabwa ndi zitsulo zinakumana koyamba, ndipo eni ake nawonso analankhulana koyamba. Koma kulankhulana kwake!

"N'chiyani ichi?" Bambo anamenya thabwa lija ndi chikhatho. "Ndinakutumizira uthenga kuti ana atatu!"

"Uthenga uti? Achimwene, musandinamizire. Mwatalikitsa zitsulo dala kuti ine ndioneke chitsiru pamaso pa ahedi."

"Chitsiru ukuchita kuoneka lero? Wadula dala iweyo chifukwa wanena ndine!"

"Basi, zakwana," anatero bambo aang'ono. "Ndikuchotsa zida zanga muno. Aliyense ayendere yake."

Anayamba kutsitsa zida pakhoma n'kumaziponya m'thumba. Palibe amene anayang'ana Akuti. Palibe ngakhale mmodzi amene anamuganizira, ndipo zimenezi zinamuwawa kuposa mbama. Akanatha kungokhala chete, nkhani n'kuthera pomwepo, shedi n'kugawika pawiri.

"Sindinanene."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti Akuti anachita kubwereza. "Bambo aang'ono, uthenga uja sindinakuuzeni. Bambo, nanunso ndinakunamizani. Ndanamiza nonse awiri."

Abale awiriwo anatembenukira kwa iye.

"Chifukwa chiyani, mwana wanga?" anafunsa bambo aang'ono, thumba lili m'manja.

"Ndinaopa. Mukakwiyira bambo mumakalipira ine. Bambo akakwiyira inu amakalipiranso ine. Tsiku lija ndinakupezani mukusangalala, ndiye ndinangofuna kuti tsiku limodzi lokha lidutse popanda kukalipiridwa. Kenako ndinasowa poyambira." Misozi inali ikugwera m'chitini cha mabawuti. "Ndalakwa kwambiri. Ndawononga ntchito yanu."

Bambo anatembenuka. Anayang'ana makina awo owotcherera, n'kuyang'ana benchi ya mng'ono wawo. Mtunda wake unali woti ngakhale mwana wokwawa akanafika osatopa. Manyazi anawagwira, anangoweramitsa mutu. Bambo aang'ono anaika thumba pansi mwakachetechete.

Posakhalitsa lole inaima pamsewu. Ahedi anatsika, anaona zitsulo, anaona matabwa, n'kupukusa mutu.

"Za m'banja mwanu ine sizikundikhudza," anatero. "Ndimafuna madesiki. Amene mungamalize mubweretse nokha. Ntchito ya zipinda zina imene ndimafuna kukupatsani ndipereka kwina."

Lole inabwerera yopanda kanthu. Bambo anaima kanthawi, kenako anatola tepi yoyezera n'kuyenda okha kupita mbali ya matabwa.

"Mng'ono wanga, tagwira uku. Tione kuti matabwa osadula atsala angati."

Anali ochepa. Abale awiriwo anagwira ntchito Loweruka lonse ndi Lamlungu lomwe, mapewa akugundana, uyu akuboola uyu akumanga, Akuti akuwapatsira mabawuti. Palibe anamudzudzula, ndipo iye ankalakalaka wina atangomudzudzula. Madesiki amene anatha sanakwane n'theka lomwe la chipinda.

Lolemba m'mawa aphunzitsi anakhazika ana pamadesiki ochepawo, otsala onse pansi. Ataona Akuti anamulozera malo kutsogolo.

"Iwe khala apa, ndi ntchito ya bambo ako imeneyi."

"Ayi aphunzitsi, pakhale wina," anayankha, n'kupita kukakhala pasimenti kumbuyo.

Simentiyo inali yozizira. Pafupi naye panali mnzake amene ankamutcha Wailesi chifukwa cha kulongolola, akuvutika kupinda miyendo.

"Chaka chonse kuwerenga, mayeso n'kudzalembera pabondo? Amene wachititsa zimenezi Mulungu akumuona," ananong'ona Wailesi.

"Ndine," anatero Akuti.

Wailesi anaseka, kuyesa nthabwala, koma atamuyang'ana kumaso anasiya. Akuti anaona anzake onse amene anadzaza pansi, misana itapindika, ena akupukuta fumbi pamayunifolomu awo. Aphunzitsi anapereka mapepala. Iye anaika lake pabondo, ndipo polemba chilembo choyamba cholembera chinaboola pepala.