Nyimbo ya Chinamwali pa Bolodi

Anali masiku a Chitaganya. Basi ya ku Fort Jameson itafera pa Nyimba, onse ankakalipira dalaivala, kupatula bambo wina wa tayi amene maso ake anakakamira pa Anastazia, mtsikana wogulitsa nthochi.

"Ndine Eustace Sakala, ndimaphunzitsa aziphunzitsi Chinyanja ku Petauke," anatero. "Mawu anu, amai, akutsekemela kuposa nthochi izi."

Mwana wamkazi mtima unagunda ngati ng'oma!

Kuyambira pamenepo aSakala sankasowa pa Nyimba. Ankasonkhanitsa miyambi ndi nyimbo za Chinsenga, ati ana aziphunzira m'chilankhulo chimene anayamwira. Anastazia zonsezo analibe nazo ntchito, iye ankangomva "duwa langa" ndi "kamtima kanga".

Tsiku lina anamupempha chimene mwamuna sapempha.

"Undiimbileko za m'nyumba ya namwali, duwa langa."

"Iyai aSakala! Aphungu a chinamwali akamva, amai anga adzayenda bwanji m'mudzi? Nanga ine adzandikwatila ndani?"

"Si ine kodi? Mvula ikangoyamba ndituma ankhoswe. Izi zithela m'makutu mwanga muno."

Wokonda samva mwambo. Anastazia anaimba chapansipansi nyimbo ziwiri.

Mvula inayamba, inakata, ankhoswe osaoneka. Kodi wadwala? Kodi wapeza wina? Anastazia anakwera lole ya ku Petauke mtima uli m'mwamba.

Atayandikira kalasi ya aSakala, anasuzumira pazenera. Amuna, amuna a ndevu zawo, ankaimba imodzi mwa nyimbo zija mokuwa, uku akuomba m'manja ndi kuseka! Mawu ake anali mbee pa bolodi. Pa benchi yakutsogolo panali Gideon, mwana wa mphungu wamkulu wa kwawo. Atamuona pazenera, Gideon anasiya kuimba.

Eustace anatuluka akumwetulira.

"Kamtima! Wamva mmene ikukomela? Inspekitala akuti ilowa m'buku, aziyimba mpaka ku Nyasaland!"

"Mwandivula pagulu, aSakala," anatero Anastazia, misozi ili chuchuchu. "Gideon afika kwathu mawa, akaulula zonse."

"Aa, zakumudzi izo. Dzina lako sindinatchule."

"Pa Nyimba ponse ndani wina amayenda ndi inu?"

Eustace anakanda m'mutu. Anacheukira kukalasi, kenaka anamugwira dzanja mwachikondi. Ngakhale Anastazia anali ndi manyazi ndi mkwiyo, mtima wopusa uja unadumphanso. Kodi tsopano anena za ankhoswe?

"Duwa langa," ananong'ona, "poti wabwela kale, ilipo yachitatu?"