Pasiwedi ya Malemu a Sakala

Ine Prisca sindine munthu wa nkhani za mizimu. Ndili ndi kashopu ka makompyuta ku Katete, ndipo chinthu chikakana kuyaka ndimayang'ana waya, osati kumanda. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo a Mbewe, ahedi a sukulu ina ya ku Vubwi, anali pambali panga. Akadali moyo, mukhoza kukawafunsa.

Anandiitana Lachisanu lina mu Okutobala. Sukuluyo inali italandira seva yatsopano, kompyuta yaikulu imene imayendetsa zinzake zonse za m'kalasi, ndipo ana a giredi naini anali ndi mayeso a kompyuta Lolemba. Seva ikanapanda kuyaka, anawo sakanalemba. Amene anavutikira makinawo mpaka kuwapeza anali a Jonasi Sakala, mphunzitsi wa kompyuta, koma iwo anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto katunduyo asanafike. Bokosi linangokhala m'sitolo ya ahedi, lomata, popeza panalibenso wodziwa poyambira.

Ntchito yake ndi yosachititsa thukuta. Seva zoterezi zimabwera ataikamo kale pulogalamu yoyendetsera. Ukayatsa koyamba imangokufunsa chinenero, dera, dzina la woyang'anira ndi pasiwedi, basi. Ndinachita kuuza bambo a kunyumba kuti ndibwera dzuwa lisanalowe.

Selotepi ya ku fakitale ndinadula ndekha. Ndinalumikiza mawaya, n'kudina batani. Seva sinandifunse kanthu. Pa sikirini panangobwera dzina, Jonasi Sakala, ndi kabokosi kodikira pasiwedi.

Mtima unandiwawa nthawi yomweyo. Ndinati awa ndi ogulitsa a ku Lusaka, atipatsa chinthu chogwiragwira n'kuchimata bwino. Kuwaimbira kwake kunali nkhondo ina, chifukwa kumeneko foni imathawira ku netiweki ya ku Malawi. Ndinakwera pachulu, mayi wamkulu ngati ine, foni m'mwamba ngati ndikuitana mvula. Wogulitsayo analumbira kuti bokosi sanalitsegule, ndipo dzina la Sakala sanalimvepo, oda inali m'dzina la sukulu.

Ndinati palibe vuto, ndifufuta zonse ibwerere mmene inachokera ku fakitale. Ili pakati, magetsi anathima. Tinavutana ndi jenereta mpaka manja kununkha petulo, n'kuyambiranso. Ulendo uno inandifunsa bwinobwino. Ndinalemba dzina la a Mbewe, iwo anasankha pasiwedi, ndinaizimitsa n'kuiyatsanso.

Jonasi Sakala.

Ndinabwereza. Ndinabwerezanso. Ndinatukwana mawu amene sindingawalembe pano, a Mbewe n'kuyang'ana kudenga ngati sanamve. Dzuwa linali litapendeka, Lolemba likuyandikira, ine mutu ukugunda. Ndinatopa, ndipo ndinachita manyazi.

Kenako ndinamva fungo. Makina atsopano amanunkha pulasitiki. Mpweya wotuluka kumbuyo kwa sevayi unkanunkhira mtedza wokazinga, wotentha, wongophula kumene. A Mbewe anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti malemu sankayenda opanda mtedza m'thumba la jekete. Ndinawayankha mwaukali kuti ndi fumbi chabe. Panja nyenje zimene zinkalira tsiku lonse zinasiya. Jenereta yokha ndiyo inkamveka.

Ndi ukali womwewo ndinangodina zilembo zilizonse. Inakana, koma pansi pake inaonetsa mawu okumbutsa mwini wake pasiwedi: dzina la mwana wanga.

"Analibe mwana," anatero a Mbewe monong'ona. "Anasiya mkazi ali woyembekezera."

Ndinati ndiye kuti dzina anasankhiratu, tikawafunse amayiwo. A Mbewe anapita okha kukawatenga ku nyumba za aphunzitsi. A Tabitha, akazi a malemuwo, anabwera ndi khanda kumsana, likulira mosatonthozeka. Ndi mayi wa chigwirizano cha amayi ku mpingo wa Reformed, ndipo nkhope yawo inaonetseratu kuti zimenezi sakuzifuna. Anati anagwirizana ndi amuna awo kuti akadzakhala mwamuna adzakhala Luka. Ndinalemba. Inakana. Akadzakhala mkazi, Evelyn. Inakananso.

Ndinafunsa kuti nanga wakumsanayo ndani.  Anati pamene mwana ankatuluka m'chikuta, apongozi awo anakana maina onse awiri aja, n'kumutcha okha Watipaso.

"Koma amuna anga sanalimve dzinali," anatero a Tabitha. "Tinali titawaika kale."

Ine ndinalephera kulilemba. A Tabitha analilemba okha, ndi chala chimodzi.

Inatseguka.

Khanda linasiya kulira. Makompyuta a m'kalasi, amene ndinali nditangowalumikiza koma osawakonza, anayamba kuiona sevayo imodziimodzi. Zonse zinali m'malo mwake, ngakhale zimene ndikanagonera kumeneko kuti ndizimalize. Ndinayang'ana tsiku limene makinawo anati anakonzedwa koyamba, n'kuliwerenga mokweza. A Tabitha anagwira pakamwa. Linali tsiku lomwe mwana anatchedwa dzina. Tsiku limenelo bokosi linali m'sitolo, lomata, kiyi ili pa lamba wa a Mbewe.

Fungo la mtedza linali paliponse.

Pa ntchito yathu sitisiya makina m'dzina la munthu amene kulibe. Ndinayenera kuchotsa dzinalo n'kuikapo la wamoyo. Nditangotambasula dzanja, a Tabitha anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lozizira.

"Asiyeni, amayi. Ana alembe kaye."

Ndinawasiya a Sakala m'makinamo. Ndinanyamula chikwama changa, ndipo panjira yonse yobwerera ku Katete kudzera ku Chadiza sindinacheuke.

Ana analemba Lolemba, onse, ndipo seva sinavute ngakhale pang'ono. Anzanga a ntchito ndikawauza amati ndinalakwitsa pofufuta, kapena wina ku fakitale anasewera nafe. Ndimawafunsa kuti wa ku fakitaleyo dzina la Watipaso analimva kuti, iwo n'kuyamba nkhani zina. A Mbewe anandiimbirapo kuti mayeso anatha kalekale, ndipite ndikasinthe dzina lija. Ndinawauza kuti ndatanganidwa. Iwonso sanaumirire.