Taizya ndi Matope a Namzeze

Taizya ankakhala ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti namzeze abwerere.

Namzeze ndi mbalame yaing'ono ya mchira wamphanda. Anamanga chisa cha matope pakhonde pa nyumba yawo.

Chaka chatha kunabwera mlendo, a Dokotala Clementina. Iwo amaphunzitsa ku yunivesite, ku Lusaka. Si dokotala wa jakisoni ayi. Ndi dokotala wa mbalame.

A Dokotala anatchera ukonde wofewa pakhonde. Namzeze anakodwa. Bambo a Taizya, a Evaristo, anamugwira. Manja awo anali aakulu, manja a ku fakitale ya feteleza. Koma anamugwira mofatsa ngati dzira. A Dokotala anamuveka kamphete kumwendo.

"Kamphete ni ka chani?" Taizya anafunsa.

"Tifuna kuziba ngati azabwela futi pano," anatero a Dokotala. "Masiku ano mvula ichedwa. Kapena mbalame nazo zichedwa."

Bambo anaseka. "Azabwela na mvula, Taizya. Tizamulandila tonse, ine na iwe."

Mvula inatha. Namzeze anapita. Nthawi yozizira inafika. Bambo anadwala. Anadwala kwambiri. Kenako anamwalira.

Pamaliro anthu anasonkha moto panja. Utsi unadetsa khoma. Maliro atatha, amalume a Abel anabwera ndi tsache ndi laimu wopaka khoma. Amalumewa ndi munthu wabwino. Koma manja awo amathamanga kuposa mutu. Anasesa mwaye. Anasesa akangaude. Anasesanso chisa. Phwa!

Taizya anabwera kuchokera kusukulu. Khoma linali loyera mbee. Chisa panalibe.

Anatola tizidutswa ta matope pansi. Analira. Analira mpaka mawu anatha.

"Ba Ankolo, mwapwanya nyumba ya namzeze! Manje azafikila kuti?"

Amalume anagwira pakamwa. "Sininazibe, mwana wanga. Nikhululukile."

Masiku amenewo Mayi sankayankhula kwambiri. Sankasekanso.

Nthawi yotentha inafika. A Dokotala anabweranso pa minibasi. Anamva za imfa ya Bambo. Kenako anayang'ana khoma.

"Ba Dokota, namzeze sazabwela, ai?" Taizya anafunsa.

A Dokotala anagwada pafupi naye. "Namzeze saibala malo. Azabwela kuona. Koma afuna matope yomangila. Ngati sapeza matope pafupi, azamanga kwina, ku mtsinje."

Taizya anayang'ana pansi. Panali fumbi lokhalokha. Anayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Mtima wake unawawa.

M'mawa, Taizya anatenga ndowa ya Bambo. Anapita kumpopi. Anatunga madzi. Anathira pansi pa mtengo wa mango. Anatakasa ndi kamtengo. Matope!

Dzuwa linatuluka. Matope anauma gwa.

M'mawa mwake anatunganso. Anathiranso. Anatakasanso. Dzuwa linaumitsanso. Dzuwa la ku Kafue lilibe chisoni ndi mwana.

Ana a pafupi anaseka. "Onani Taizya! Aphikila nkhuku phala!"

Taizya anapitiriza. Anatunga. Anathira. Anatakasa.

"Manzi ni yovuta, Taizya," anatero Mayi tsiku lina. "Uthilila chani fumbi?"

"Ba Dadi anakamba kuti tizamulandila," Taizya anayankha.

Mayi anatembenuka. Anapukuta maso ndi chitenje. M'mawa mwake, Mayi anatenga ndowa yawo. Nawonso anathira. Amalume anamva. Anabwera ndi chigubu pa njinga. Nawonso anathira. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsopano matope sankauma msanga.

Koma namzeze sanabwere. Mvula nayo sinabwere. Taizya ankakhala pakhonde. Ankayang'ana khoma loyera. Ankawasowa Bambo. Ankawasowa kwambiri.

Tsiku lina m'mawa, Taizya anamva kulira. Tswi, tswi, tswi! Anatuluka ndi ndowa m'manja. Anaima nji.

Anamzeze awiri anali pa matope. Ankajompha matope ndi milomo. Ankauluka kupita pakhonde. Ankamata pakhoma. Ankabwereranso. Pamwendo pa mmodzi china chake chinanyezimira. Kamphete!

"Ba Mami," Taizya ananong'ona. "Bwelani. Ni uja. Ni uja wamene ba Dadi anagwila."

Mayi anabwera mwakachetechete. Anaona kamphete. Misozi inatsika. Koma pakamwa pawo panali kumwetulira.

Mayi anaimbira foni a Dokotala. A Dokotala anabwera ndi magalasi oonera patali. Anayang'anitsitsa.

"Ni yeve," anatero. "Mvula yachedwa, koma yeve wabwela. Matope yako yamusunga pano, Taizya."

Khoma loyera linadanso ndi matope. Palibe amene anadandaula. Amalume anatenga tsache lawo. Anakalibisa kuseri kwa nyumba.

Madzulo, Taizya anatulutsa mpando wa Bambo. Anauika pakhonde. Mayi anakhalapo. Taizya anakhala pamiyendo pawo. Namzeze anasuzumira ali pa chisa chatsopano.

"Mwabwela bwino," anatero Taizya. Anadikira pang'ono. "Mwabwela bwino," anateronso.

"Wakamba kabili," anatero Mayi.

"Ee," Taizya anayankha. "Koyamba ni kanga. Kachibili ni ka ba Dadi."

Mayi anamukumbatira mwamphamvu. Pamwamba pawo, namzeze anapitiriza kumanga.