Halo wa mu Mpopi

Nkhani iyi anandiuza ndi mayi wina wosoka zovala. Tinali pa benchi, tikudikira basi. Anati inachitikira mwana wa mchemwali wake.

Panali mtsikana wina. Anthu ankamutchula Kakhutu. Ankamva chilichonse, ngakhale mapazi a mphaka.

Kakhutu ankakonda mawu amodzi a Chingerezi. Mawuwo ndi akuti halo. Ankati ahalo alipo ambiri, ndipo safanana.

Foni ikalira, Amayi ankati, "Halo?" Ameneyo anali halo wofunsa.

Wogulitsa m'sitolo akamawodzera, anthu ankati, "Halo!" Ameneyo anali halo wodzutsa.

Ukaponda munthu phazi, ankati, "Halo, maso uli nawo?" Ameneyo anali halo wokalipa.

Koma halo wokoma anali wa Ababa. Ababa ankatsuka mathanki a madzi. Asanalowe m'thanki, ankavula nsapato. Ankazisiya pansi pa makwerero. Kenako ankasuzumira m'kati n'kuitana, "Haloo!"

Thanki yopanda madzi inkayankha, "...loo."

"Wamva?" ankatero Ababa. "Yandilola kulowa."

Tsiku lina masana, Ababa sanabwere kudzadya. Chakudya chawo chinazizira. Foni yawo inali patebulo. Anaiiwala.

"Ali kuti Ababa?" anafunsa Kakhutu.

"Kuntchito," anatero Amayi. "Sananene kuti ndi kuti. Kasambe m'manja."

Kakhutu anapita kubafa. Anatsegula mpopi. Madzi sanatuluke, ngakhale dontho. Munatuluka kamphepo kozizira. Kenako munatuluka kamawu.

"Haloo..."

Kakhutu anatseka mpopi msanga. Anatsegulanso pang'ono.

"Haloo..."

Sanali halo wofunsa. Sanali halo wodzutsa. Sanali halo wokalipa. Anali halo wa munthu amene ali yekhayekha.

"Amayi! Mu mpopi muli munthu!"

Amayi anabwera. Anatchera khutu. Mu mpopi munali zii.

"Ndi mpweya wa m'mapaipi, iwe," anatero Amayi. "Thanki yathu ilibe madzi lero. Woyang'anira nyumba ayatsa pampu pompano, thanki idzaze. Makutu akowo adzakutopetsa."

Amayi anabwerera kukhitchini. Kakhutu anayang'ana paipi. Paipi inkalowa m'khoma. Inkakwera m'mwamba.

Kakhutu anatuluka. Nyumba yawo inali yosanja, yaitali. Masitepe ake anali amdima. Anakwera, anakwera. Anaika khutu pa paipi.

"Haloo..."

Anakweranso. Zitseko zonse zinali zotseka. Panalibe mwana, panalibe wailesi. Ankangomva mapazi ake okha. Anaikanso khutu pa paipi. Paipi inali yozizira.

"Haloo..."

Tsopano mawu anali pafupi. Kakhutu ankafuna kubwerera. Koma anakwerabe.

Anafika padenga. Dzuwa linali phwee. Mphepo inkawomba. Panalibe munthu. Panali thanki yaikulu, yakuda. Chivundikiro chake chinali chotseka.

Kakhutu anayang'ana pansi pa makwerero. Panali nsapato ziwiri. Zinali nsapato za Ababa.

Pomwepo pansi panamveka phokoso. Vuuu! Pampu yayaka. Madzi anayamba kukwera m'paipi. Anayamba kuthira m'thanki.

Kakhutu anakwera makwerero. Anakoka chivundikiro. Chinali cholemera. Kachitsulo kake kotsekera kanali katakola. Anakoka, anakoka. Sichinasunthe.

Anatsika. Anathamangira kukakhoma ka m'mphepete mwa denga. Pansi patali anaona woyang'anira nyumba. Ankaoneka wamng'ono ngati nyerere.

Kakhutu anakoka mpweya. Anatulutsa halo wamkulu kuposa onse.

"Haloo! Haloo! Zimitsani pampu! Ababa ali m'thanki!"

Mazenera anatseguka. Mitu inasuzumira. Woyang'anira nyumba anataya tsache, nathamanga. Pampu inati zii.

Anthu anakwera padenga. Amayi anali patsogolo, opanda nsapato. Woyang'anira nyumba anamenya kachitsulo ndi hamala. Chivundikiro chinatseguka.

Ababa anali m'kati. Madzi anali m'mawondo. Anthu anawakoka, nawakhazika pansi. Amayi ankalira, uku akuwakalipira.

"Inu bambo ake, munthu amanena kumene akupita!"

"Pepani, achimwene," anatero woyang'anira nyumba. "Ndimayesa munatuluka kalekale."

Ababa analoza chivundikiro. "Mphepo," ananong'ona. "Inanditsekera m'mawa."

Kakhutu anawabweretsera nsapato zawo. "Ndinamva halo wanu mu mpopi, Ababa."

Ababa anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe," ananong'ona, "mawu anandithera m'mawa womwe. Masana ano sindinaitane."

Onse anayang'ana thanki. Thanki inali chete.

Kenako Ababa anaimirira. Anasisita thanki ndi dzanja. "Zikomo," ananong'ona. Ananyamula Kakhutu, natsika naye.

Amayi anatenthetsanso chakudya. Anadya onse pamodzi. Ababa anapatsa Kakhutu nyama yawo yaikulu.

"Iyi ndi ya makutu," ananong'ona.

"Mawa foni m'thumba," anatero Amayi. Onse anaseka.

Atatha kudya, Kakhutu anapita kubafa. Anatsegula mpopi. Anawerama n'kunena motsitsa, "Halo." Ameneyo anali halo wothokoza. Madzi anatuluka, oyera, ozizira.

Mayi wosoka uja anathera pamenepo, basi itafika. Ine ndayenda m'malo ambiri. Ndaika khutu pa mipopi yambiri. Ndimangomva madzi. Zoti mwana anapulumutsa bambo ake, ndikuvomera. Koma zoti thanki inaitana yokha, ine ndikukayika.