Wochokera Kunkhondo Sazungulira

Nkhaniyi anandiuza Ljerka mwini wake tikutuluka m'tchalitchi, ndipo sindiwonjezapo kanthu.

Chaka chimenecho Ljerka ankatsuka chipata chamwala chimene Aroma anamanga pakati pa tauni yathu pokondwerera kupambana pankhondo. Chipatacho chinatsala chokha, makoma ake anagwa kalekale. Pamwamba pali zosema za akazi amapiko onyamula nkhata zamasamba, m'munsi asilikali amene mvula inawafufuta nkhope. Pofuna kuti ntchito iyende, njira yapansi pake anaitseka ndi matabwa.

Tsiku lina anaweruka kutada, chifunga chitakwera kuchokera kunyanja. Sankathamangira kunyumba. Mwamuna wake Tihomir, chibwerere kunkhondo, sankagona. Ankalira kutulo, n'kumatchula maina a anzake.

Akutsika pansanja yogwirirapo ntchito, Ljerka anamva kugogoda pamatabwa. Go. Go.

Panaima munthu wovala nkhwayira, fumbi mpaka m'mawondo. Ankanunkha utsi ndi thukuta la akavalo.

"Mayi, titsegulireni."

"Bambo inu, mowa wa rakija wakukwanani eti?" anaseka Ljerka. "Njira ili mbali zonse. Zungulirani."

"Wochokera kunkhondo sazungulira," anatero munthuyo mofatsa. "Akapanda kudutsa pansi apa, magazi amalowa nawo m'nyumba."

Ljerka anasuzumira kumbuyo kwa munthuyo. Unali mzere wautali wolowa m'chifunga. Ena zisoti zachitsulo, ena majasi a nthawi ya agogo ake. Palibe ankatsokomola. Nyali za mumsewu zinkangoyandama ngati zili m'madzi.

Kumapeto kunaima Tihomir, osavala nsapato, atavala juzi imene Ljerka anamulukira.

"Tiho! Mukutani pano? Muzizidwa!"

Sanacheuke. Apo Ljerka anakumbukira kuti pobwera kunkhondo basi ya asilikali inamutsitsa Tihomir kuseri kwa msika, iye n'kumukokera kunyumba kudzera njira yachidule, osadutsa pachipata.

"Akadutsa, abwerera kwa ine?"

"Aliyense amasiyapo kanthu," anayankha mlendoyo.

Ljerka anachita chizindikiro cha mtanda, nazula matabwa. Anadutsa mmodzimmodzi, opanda mgugu, ndipo tsidya linalo sikunkatuluka munthu. Itafika nthawi ya Tihomir, Ljerka anatsinzina.

Potsegula maso, msewu unali mbee.

Anathamanga mpaka kunyumba. Anamupeza Tihomir pabedi akupuma mwakachetechete ngati khanda, mapazi ali tuu ndi fumbi loyera la mwala.

Chiyambire pamenepo Tihomir amagona bwino. Koma mukamufunsa za anzake aja, amangomwetulira, sadziwa mukunena ndani.

Kutacha usiku uja, Ljerka anakwera pansanja. Msilikali wina wosema wam'munsi, amene dzulo lake analibe nkhope, anali ndi chipsera pachibwano chonga cha Tihomir.

Amayi a kumsika amanong'ona kuti amene anabwerera kunyumba ndi theka chabe la Tihomir. Ljerka amangoti akafika pankhope imeneyo, amasiya burashi n'kupukuta ndi dzanja.

Ambuye awapatse mpumulo onse a pamzere uja.