Chitini cha Maliro ku Gatooma

Chaka cha 1954 a Nowa Chalo ankanyamula mabelo a thonje ku Gatooma, malaya awo zigamba zokhazokha. Mnzawo amene anayenda naye wapansi kuchokera ku Nyasalandi anali atatsegula kale sitolo, ndipo a Nowa akadutsa pamenepo mtima unkawawa.

Chuma analibe, koma anthu ankawakhulupirira. Ndiwo ankasunga chitini cha bungwe la maliro la anthu akwathu, mabanja khumi ndi anayi, sheleni ziwiri pamwezi, kuti munthu akafera kuno kutali aikidwe ngati munthu.

Loweruka lina anakwera sitima kupita ku Hartley kwa sing'anga wina, a Pitala, kuseri kwa famu ya fodya. A Nowa anapempha mankhwala a chuma, a Pitala n'kumvetsera osaphethira. Anati mankhwala awo safuna mbuzi, afuna ndalama za m'chitinimo zikhale mbewu ya sitolo.

"Mukaika munthu wa m'bungwe, musasambe m'manja ndi anzanu. Dothi la kumandalo mukalipake patebulo logulitsirapo."

"Maliro ake ati, bambo? Tonse tili bwino."

"Munda umadya manyowa, achimwene. Eni mbewu ndi amene anasonkha."

A Nowa anati nayenso mkazi wawo Felesita amasonkha. A Pitala anangowauza kuti afulumire, sitima iwasiya.

Sitolo inatsegulidwa, ndipo shuga, sopo, parafini zinkatha ngati zaulere. Isanathe miyezi iwiri a Samueli a m'bungwemo mwala unawagwera mumgodi ku Battlefields. Pochoka kumanda anthu anafola pa beseni la madzi a mankhwala, a Nowa n'kudutsa manja ali m'thumba. Kenaka mayi Dyness, amene m'mawa ankachapa bwinobwino, madzulo kulibe. Kenaka kamwana ka a Fred, onsewa a m'bungwe lomwelo. Maliro aliwonse a Nowa ankagula bokosi lokongola, anthu n'kumathokoza. Koma amayi otunga madzi a m'beseni lija maso ali nawo: katatu konse munthuyu osasamba. Anayamba kunong'onezana.

Felesita atayamba kutupa miyendo, a Nowa anathamangira ku Hartley ndi mapaundi onse. Ndalamazo a Pitala sanazikhudze n'komwe.

"Si zanga izi. Kabwezereni eni ake, muwauzenso mmene zinaberekera."

Lamulungu a Nowa anagwada pabwalo la komboni, nakhuthula ndalama pansi, naulula zonse. Palibe anatola ngakhale kobiri. Amayi anakokera ana awo kumbuyo. Lachitatu Felesita anamwalira. Anthu anasonkha zina zatsopano namuika okha, ataletsa a Nowa kufika kumanda.

Mutu unazungulira. Zaka ziwiri a Nowa ankayendayenda pasiteshoni, akutambasulira sheleni aliyense wotsika sitima, amvekere, "Landirani, ndi zanu." Atafa, anakawakwirira ndi akaidi, m'bulangeti, popanda nyimbo.

Abale anga, ndalama ya anzako si yako, ngakhale igone pansi pa bedi lako. Musanasirire phindu, yambani mwafunsa kuti likudya ndani.