Mainesi Afunsa Eni Galimoto

Mvula ya mu Januwale 2016 inamupeza Mainesi pa siteji ya matekisi ku Berea, mu Joni, atanyamula zikwama ziwiri zodzaza ndi makatani omwe anasoka sabata yonse. Matekisi atatu anadutsa. Madalaivala ankangoyang'ana katunduyo n'kupukusa mitu.

Kenako panaima galimoto yasiliva, zazikulu zazitali zija amati SUV. Galasi linatsika.

"Sisi, katundu akunyowa," anatero mnyamata wa pachiwongolero m'Chizulu.

"Ngati kuti sindikuona," Mainesi anang'ung'udza yekha m'Chichewa.

Mnyamatayo anaseka. "Ndiye kwerani, achemwali. Munthu wakwathu sanganyowe ine ndikuona."

Dzina lake anali Kennias. Anabadwira pa famu ina ku Chegutu, ku Zimbabwe, koma agogo ake aamuna anachokera ku Ntcheu, n'chifukwa chake Chichewa chake chinkatsetsereka ngati Chishona. Mainesi anaona m'mene ankagwirira chiwongolero, mofatsa, osalimbana ndi matekisi olowerera paliponse. M'galimotomo munalibe ngakhale kafumbi.

"Ndi yanu?" anafunsa Mainesi.

Kennias anayang'ana kutsogolo. "Eya, ndi yanga."

"Ndiyetu mwagwidwa," anatero Mainesi, akutulutsa kabuku m'chikwama. "Ine ndasoka muno mu Joni zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chino ndikufuna kugula galimoto ngati iyi, yoti izinyamula katundu wanga komanso ikandifikitse kwathu ku Balaka. Ogulitsa sindiwafunsa, aliyense amati yake ndi yabwino. Ndimafunsa eni ake. Tandiuzani, imakuvutitsani pati?"

Kennias anafotokoza bwino lomwe. Anati ndi ya dizilo, siimwa kwambiri paulendo wautali, koma ukachedwa kusintha oyilo imakhumudwa. Anatchula ngakhale kaphokoso komwe kamamveka m'mawa nthawi yozizira. Mainesi ankalemba, koma mwa apo ndi apo maso ankathawira kwa wolankhulayo.

Potsika anapatsana manambala, ndipo tsiku lomwelo Kennias anaimba foni. "Mwafika bwino, mayi wa kabuku? Loweruka ndikuperekezeni kwa eni galimoto ena. Ndikuwadziwa ambiri."

Loweruka Kennias anabwera pa tekisi. "Ndaipumitsa," anatero Mainesi atafunsa za galimoto. Anayamba ndi ku Bertrams, kwa abambo Suwedi, mkulu yemwe anagwirapo ntchito m'migodi ndipo tsopano ankanyamula katundu wa anthu kupita naye ku Malawi.

"Mwana wanga, usatengeke ndi kuwala," anatero abambo Suwedi, akusisita boneti ya galimoto yawo yakale. "Msewu wa ku Tete sudziwa kukongola. Iyi yadutsa kumeneko kosawerengeka. Funso ndi limodzi: ikafa pa Zalewa, makaniko wa pansi pa mtengo angaitsegule? Sipeya wake angapezeke ku Limbe?"

Sabata yotsatira anacheza ndi Glory, mayi wa kutchalitchi, yemwe anali ndi yakuda yonyezimira. "Eish, mukaiona mukhoza kuisirira," anatero Glory. "Mipando yachikopa, kuyenda ngati uli pabedi. Koma imamwa petulo ngati ili ndi ludzu la chaka. Chitsulo chimodzi chitafa, ndinayenda pansi miyezi iwiri kudikirira kuti chichokere kunja."

Paliponse pomwe ankapita, Kennias ankagwada n'kusuzumira kunsi kwa galimoto, kenako n'kutsamiza khutu pa boneti. Ankalankhula ndi achikulire atavula chipewa. Kodi mwamuna wotere anali kuti zaka zonsezi? Mainesi ankadzifunsa.

Pofika mu Epulo, "inu" uja anali atasanduka "iwe".

"Duwa langa, wadya? Usamangodya ulusi," unkatero uthenga wa masana.

"Ndadya, wapamtima. Msana ukadali kupweteka?"

"Ukapweteke bwanji, utandisokera wekha katsamiro?"

Kanali katsamiro ka chitenje chobiriwira, komwe Mainesi anamusokera kuti aziika pampando poyendetsa. Tsiku lomwe anamupatsa, Kennias, yemwe tsopano ankamutchula Mai mofupikitsa dzina lake, anamugwira manja onse awiri. "Disembala ndidzakuyendetsa ndekha mpaka pakhomo la amayi ako. Ndipo ine sindidzakukhumudwitsa, Mai. Ndikulonjeza."

Lachinayi lina mu Juni, Mainesi atapereka makatani kwa kasitomala, anadutsa pamalo oimika galimoto pa sitolo zazikulu za ku Northgate. Anaona SUV yasiliva, mtundu womwewo wa Kennias, womwe m'kabuku mwake anali atauzunguliza kawiri. Pambali pake panaima mayi wachikulire wogwira ndodo.

"Pepani, Mama," anatero Mainesi m'Chingerezi. "Ndikufuna kugula yotere. Inu yakuchitirani bwanji?"

Mayiwo anamwetulira, n'kunena kuti dzina lawo ndi Lerato. "Zaka zisanu, mwana wanga, sinandisiyepo panjira. Gula usaope. Koma ndikuuze chilungamo, chinsinsi si galimoto ayi, ndi dalaivala wanga. Amaisamala ngati khanda."

Mainesi anasuzumira pawindo kuti aone mipando. Pampando wa dalaivala panali katsamiro ka chitenje chobiriwira. Msoko wake anaudziwa.

"Uyo akubwerayo," anatero mayi Lerato. "Kennias, tabwera umuthandize mtsikanayu."

Kennias ankakankha tirole yodzaza ndi zogula, atavala yunifolomu yakhaki. Atamuona Mainesi anaima chilili, pakamwa pali yasa.

"Mai..."

"Zikomo, Mama, ndamva zonse," anatero Mainesi. Anatseka kabuku kake n'kutembenuka. Misozi inadikira mpaka atakhala pampando wakumbuyo m'tekisi.

Mauthenga anayamba kugwa ngati matalala.

"Duwa langa, ndilole ndifotokoze."

"Ndinalakwa. Ndilibe chodzikanira."

"Ngakhale kunditukwana kokha, Mai, bola ndimve mawu ako."

Mainesi anayankha kamodzi kokha. "Miyezi isanu ukundiyang'ana m'maso. Usandiimbirenso."

Chinkamupweteka si yunifolomu ija. Iye mwini anayamba ndi kukolopa m'nyumba za anthu ku Randburg asanagule makina ake oyamba. Koma ngati munthu ananama pa funso loyamba lenileni, nanga mawu okoma aja anali oona? Nanga lonjezo lija? Masabata atatu anasoka ali chete. Kabuku anakaponya pansi pa mulu wa nsalu.

Lachiwiri lina m'mawa anamva ndodo ikugogoda pamasitepe. Atatsegula chitseko anapeza mayi Lerato akupuma mwawefuwefu, atakwera nsanjika zitatu chifukwa lifiti inali yakufa.

"Ndipatse mpando," anatero mayiwo. "Sindinabwere kudzaikira kumbuyo bodza. Mnyamata uja ndamukalipira mpaka makutu ake atentha. Koma tsiku lija unathawa ndisanamalize kulankhula."

Mainesi anawathirira madzi m'kapu.

"Malemu amuna anga atafa ziwalo, ana athu enieni anali kutali ndi ntchito zawo. Kennias ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwanyamula pamsana kuwakweza m'galimoto popita kuchipatala. Zaka ziwiri. Sinali ntchito yake, palibe anamutuma. Pamaliro analira kuposa tonse. Kwa ine sananamepo ngakhale kamodzi. Kwa iwe ananama chifukwa cha mantha, ndipo n'kupusa kumeneko. Chochita ukudziwa wekha."

"Ali kuti?"

"Pansi. Wakana kukwera. Akuti unamuletsa."

Mainesi anatsika. Kennias anali ataima pambali pa galimoto, chipewa chili m'manja. Anali ataonda.

"Ndiyankhe chimodzi," anatero Mainesi. "Ukanati ndine dalaivala, ukuganiza kuti ndikanatsika n'kubwerera pamvula?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Utandifunsa paja ndinangofuna undione ngati munthu," anatero Kennias, maso ali pansi. "Ndimati ndikuuza tisanafike. Kenako unatulutsa kabuku, n'kunena zoti ukugula galimoto ndi thukuta lako. Ine ndimagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana, ndilibe ngakhale njinga. Tsiku lililonse ndinkati mawa, mawa. Bodza linakula kundiposa."

"Ine ndinakonda munthu wogwada m'fumbi kuyang'ana kunsi kwa galimoto za eni, iwe. Wovulira akulu chipewa. Galimoto ndikanagula ndekha, ndipo ndigula."

"Ndikhululukire, Mai."

"Mkwiyo wanga sunathe," anatero Mainesi. "Koma Loweruka ndikukaona ina ku Boksburg. Ndikufuna khutu lako. Zinazo tidzaona."

Zinatenga miyezi iwiri kuti amutchulenso wapamtima. M'miyezi imeneyo anaona galimoto zisanu ndi imodzi. Ina Mainesi anaikonda kwambiri, koma Kennias atamvetsera injini anapukusa mutu. "Ndikanakonda kukusangalatsa, koma iyi ikudwala," anatero. Mainesi anakhumudwa tsiku lonse, koma mumtima anakondwa kuti wauzidwa zoona.

Mu Seputembala anagula yoyera, yogwiritsidwapo kale ntchito, ya dizilo, ya mipando isanu ndi iwiri, kwa mphunzitsi wina yemwe anasunga mapepala onse a sevisi. Abambo Suwedi ataiona anaizungulira kawiri, n'kugogoda tayala ndi nsapato. "Iyi ikafika," anatero.

Lamlungu lotsatira Mainesi anaiyendetsa yekha kupita ku Cosmo City, kwa amalume ake, a Binali, omwe anali ngati bambo ake muno mu Joni. Kennias anakhala pambali, atavala jekete yobwereka, akutuluka thukuta.

"Akandifunsa za ntchito ndikati chiyani?"

"Pakamwa ndi pako," anatero Mainesi, maso ali pamsewu.

A Binali anawalandira pakhonde. Anayamikira galimoto, kenako anatembenukira kwa mlendoyo n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, mumagwira ntchito yanji?"

Kennias anagwada. "Ndine dalaivala, abambo. Ndimayendetsa mayi wina wachikulire. Galimoto ndilibe, nyumba ndilibe. Iyi ndi ya mwana wanu, wagula yekha. Ndinamunamizapo kamodzi, ndipo ndinatsala pang'ono kumutaya. Ndabwera kudzapempha kuti mundilole ndimukwatire."

 A Binali anayang'ana mwana wa mlongo wawoyo. "Mainesi, zomwe akunena munthuyu ukuzidziwa?"

"Zonse, amalume."

"Ndipo ukumufunabe?"

Mainesi anayang'ana Kennias, yemwe mawondo ake anali adakali pasimenti. Misozi inalengeza m'maso mwake. "Ndikumufuna."

"Dzukani, achimwene, mudetsa jekete," anatero a Binali. "Ankhoswe anu abwere mwezi uno usanathe."